Jasten Sagula Chosayesa

Tsiku lomaliza la mwezi wake woyesedwa pa ntchito yogulitsa inshuwalansi, Lukiya anakhala pansi pa ambulera ya kampani pafupi ndi depoti ya minibasi ku Liwonde, akuperewera mafomu awiri okha pa khumi amene abwana a ku Balaka anati akapanda kufika nawo ku ofesi isanakwane faifi koloko, abweze ambulerayo azikapuma kwawo. Ndiye kunatulukira msuweni wake Jasten, wokonza mafoni ndi mawailesi, munthu amene batire amayamba walinyambita asanaligule, akukankha njinga yamoto yatsopano, mpando wake udakali m'pulasitiki.

"Mkazi wanga!" anakuwa Jasten ali patali, mwa chisuweni chawo. "Pukuta mpando, kwabwera kasitomala wamkulu."

"Mkazi wako ndani, mbuli iwe? Njingayo waba kuti?"

"Ndagula. Zaka zitatu ndikudyera bonya. Mawa ndiyamba kabaza, Liwonde mpaka Ntaja, wofuna Chikweo awonjezere." Anaimika njinga pakati pa tebulo la Lukiya ndi milu ya tomato ya amake Kumbu, amene amagulitsa pambali pake. Anatola kapepala ka zithunzi patebulo. "Ndamva kuti ukugulitsa chitetezo. Ndipatse chonse."

"Chonse?"

"Tsamba lonseli. Kuyambira pamwamba mpaka pansi."

Mtima wa Lukiya unavina. Mafomu asanu ndi limodzi, munthu mmodzi, wobwera yekha ndi miyendo yake! Koma anakumbukira mnzake wina wa pakampanipo amene anagulitsa inshuwalansi ya galimoto kwa bambo wa ngolo ya abulu n'kumakaseka ku ofesi. Tsiku limenelo Lukiya anatsala pang'ono kumuponyera sitepula. Anapumira m'mwamba, n'kutsegula cholembera.

"Khala pansi. Tiona imodziimodzi."

"Yamba ndi iyi. Ya nyumba."

"Uli ndi nyumba iwe?"

"Ndili ndi pulani."

"Umagona kuseri kwa kauntala, mu shopu ya Che Uladi."

"Ndikakwatira ndikamanga kwa mkazi. Ku Chikweo."

"Mkaziyo alipo?"

"Ali mu pulani momwemo."

"Nyumba kulibe, mkazi kulibe, malo ndi a eni mbumba a kumeneko. Tikutetezere chiyani? Mphepo?"

Jasten anayandikiza kapepala kumaso. "Nanga nyumba ya pachithunziyi? Ya malata obiriwirayi. Ili mbali iti?"

"Chithunzi chabe chimenecho."

"Mwini wake akudziwa kuti mukuyenda nayo?"

"Jasten!" Lukiya anakhwatcha ya nyumba. Anamva ngati wadzidula chala. "Ina."

"Ya moyo. Moyo ndiye ndili nawo, usanditsutse. Ndabwera nawo pompano."

"Imeneyo imapereka ndalama kwa anthu amene umawadyetsa, iwe ukamwalira. Umadyetsa ndani?"

"Ine."

"Wina?"

"Galu wa pashopu. Koma Lachisanu lokha."

"Pa dzina la wolandira tilemba ndani?"

"Ine. Wolipira si ndine?"

"Udzakhala utafa."

"Ndiye ndizilipira ine, wina adzadye ine ndili gone? Chilungamo chake chiti chimenecho?"

"Ukadzabereka, ubwere ndi mwana kumsana, ndidzakulembera ndi manja awiri. Lero iyayi." Khwatchu.

"Ya maliro."

"Si yoipa. Koma amalume analemba kale banja lonse pa yawo. Iwe ulipo. Sungaikidwe kawiri."

Jasten anadzuka pampando. "Bambo anga anandigulira bokosi osandiyeza?"

"Sanagule bokosi, anango..."

"Analemba liti?"

"Kaya, zaka zinayi zapitazo."

"Ndatalika kuchokera nthawi imeneyo! Miyendo idzatulukira kunja, anthu aziti malemu akuthawa."

Amake Kumbu, amene amatsuka tomato m'beseni, anaseka mpaka kutsokomola. Lukiya anakhwatcha ya maliro osadzutsa mutu.

"Khala pansi. Ina."

"Ya paulendo wa kunja kwa dziko."

"Unatulukapo m'Malawi iwe?"

"Ndimapita ku Nayuchi."

"Nayuchi ndi Malawi."

"Koma foni yanga ikafika kumeneko imandilandira m'Chipwitikizi."

"Foniyo ndiye idzagule." Khwatchu. Lukiya anayang'ana zimene wakhwatcha, zinayi zathunthu. "Tamvera tsono. Mnyamata wopanda nyumba, wopanda mwana, amene mawa akukwera njinga pamsewu, akufunika ziwiri. Ya njinga, yolipira anthu ena ukawagunda kapena ukawaphwanyira katundu. Ndi ya ngozi, yokulipirira chipatala iwe mwini ukavulala, n'kukupatsa kodyera masiku amene sukugwira ntchito. Basi. Saina apa ndi apa."

"Ziwiri zokha?"

"Ziwiri zokha."

"Ndiwe wogulitsa wabwanji iwe, kasitomala akufuna thumba lonse ukumupatsa kapu?" Jasten anatenga fomu imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza, kenaka anatulutsa lilime n'kuinyambita pakona.

"Ukutani?"

"Sikuluma. Batire lamoyo limaluma."

"Ndi pepala, Jasten!"

"Chabwino. Tiyese mwa njira ina." Anaika fomuyo pansi n'kupinda manja a malaya. "Ukundidziwa, msuweni. Ine sindigula chosayesa. Babu amayamba andiyatsira. Chaja amayamba andilumikizira. Mtedza wa pamsika ndimalawa. Yatsa inshuwalansiyo ndione."

"Siyiyaka."

"Ndiye ndi yakufa?"

"Imagwira ntchito ngozi ikachitika."

"Eya, tichititse kangozi kakang'ono." Anakweza buluku mpaka pabondo, n'kuloza. "Tenga mpandowo, undimenye apa. Osati kwambiri. Kongoyesera chabe. Ikalipira, ndisaina."

Lukiya anayang'ana mpando, anayang'ana bondo. Kunena zoona, dzanja linamuyabwa.

"Ngozi yochita kupanga ndi chinyengo. Amamanga."

"Amamanga ndani?"

"Iwe. Ndi ine ndemwe."

"Ogo! Ndiye mukugulitsa chinthu choti munthu akachiyesa mumumanga? Ine nditauza kasitomala kuti wailesi iyi ukaitsegula ndikuitanira apolisi, angagule?"

"Komanso imayamba kugwira ukasaina n'kulipira. Zimene zachitika usanasaine siyilipira."

"Ndiyambe ndalipira, kenaka ndidikire tsoka?"

"Eya."

"Tsoka likapanda kubwera?"

"Uthokoze Mulungu."

"Ndithokoze Mulungu, ndalama zitapita kwa inu? Nanga bwanji osangozipereka kwa Mulunguyo?" Anatsitsa buluku, n'kumuyang'anitsitsa. "Iweyo unagula iti?"

"Za ine zisiye."

"Ndangofunsa."

"Ndati zisiye. Wogula ndiwe."

Ku mzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya madzulo. Kutsidya kwa msewu kondakitala anali kukuwa, "Balaka! Balaka mmodzi, tizipita!" monga anakhalira akukuwa theka la ola lonse. Lukiya anayang'ana nthawi pafoni.

"Ya ngoziyo tiyisiye kaye. Saina ya njingayi. Imeneyi ndi lamulo."

"Wati imalipira ndani?"

"Anthu ena."

"Ati?"

"Amene ungawagunde."

"Mayina."

"Sindikuwadziwa."

"Akumudzi kwa ndani?"

"Jasten, aliyense woyenda pamsewu!"

"Ndiye ine ndidye bonya zaka zitatu, kenaka ndizilipirira munthu amene ngakhale moni sanandipatsepo? Iyeyo akundilipirira ine?"

"Ngati ali ndi njinga kapena galimoto, eya, akukulipirira."

"Anandiuza liti? Bwanji sanabwere kudzandifunsa?"

"Subuhana!" Lukiya anamenya tebulo, zolembera zinadumpha. "Ukagunda mwana wa munthu pa Nsanama, chipatala alipira ndani? Ukaphwanya galasi la galimoto ya eni? Njingayo idzagulitsidwa, mawailesi ako onse adzagulitsidwa, ndi galu wa Lachisanu yemwe!"

"Bwera naye munthuyo ndimuone kaye."

"Munthu uti?"

"Woti ndimugundeyo. Mwina ndi uja anandibera chaja mwezi watha. Ameneyo ndingamugunde mwaulere."

"Pa lodibuloko adzakufunsa pepala limeneli."

"Ndidzawauza kuti sindinagunde munthu."

"Njinga idzagona kupolisi."

"Popanda mlandu?"

"Mlandu wake ndi womwewo, wopanda pepala!"

"Pepala lolipira munthu amene kulibe, pa ngozi imene sinachitike." Jasten anatembenukira kwa amake Kumbu atatambasula manja. "Mayi, mukumva zimene akuphunzitsa ana ku Balaka?"

"Musandilowetsemo ine," anatero amake Kumbu, n'kukhuthula madzi a m'beseni pansi, kutsogolo kwa matebulo.

Jasten anakhalanso pansi. Anayang'ana nkhope ya msuweni wake, ndipo anafewetsa mawu.

"Mkazi wanga, wavutika chiyani? Nkhope yachita ngati foni yogwera m'madzi."

"Ndikapanda kufika ku Balaka ndi mafomu awiri isanakwane faifi, ntchito yatha."

"Aaa! Osanena bwanji? Zophweka zimenezo. Bweretsa ya nyumba ija ndi ya paulendo. Ndisaina pompano."

"Popanda kuyesa?"

"Nyumba kulibe, ulendo kulibe. Palibe choyesa. Bweretsa."

Dzanja la Lukiya linapita lokha pa mulu wa mafomu. Ya nyumba inali pamwamba penipeni, yoyera, yokongola, ikumumwetulira. Kungoikankha chabe, ntchito yapulumuka. Mawa lake chitsiru ichi chikwera njinga ndi chitetezo cha nyumba ya m'maloto, n'kukagwa nacho pa Nsanama. Anabweza dzanja n'kulikhalira.

"Iyayi."

"Iyayi chiyani? Ndalama ndi zanga."

"Sindikugulitsa mphepo."

"Ndikufuna mphepoyo!"

"Ukagule kwa wina!"

"Taonani mkazi uyu! Ndikumupulumutsa akukana!"

"Usaina ziwiri zimene ndakuuza, apo ayi nyamuka!"

"Zosayesa sindisaina!"

"Zopanda ntchito sindilemba!"

Anayang'anizana ngati atambala awiri. Kondakitala kutsidya anakuwanso, "Balaka mmodzi!" Kenaka nkhope ya Jasten inawala ngati babu la mawati handiredi.

"Dikira. Ndikuonetsa kuti ya anthu enayo ndi yosafunika. Njinga iyi singagunde munthu. Mabuleki ake ndinayesa ndekha."

"Unayesa kuti?"

"Mu shopu momwe ndinagula. Ndinafinya kakhumi. Kutsogolo kasanu, kumbuyo kasanu."

"Ikuyenda?"

"Itaima. Mu shopu amakaniza kuliza."

"Unayesa mabuleki njinga itaima?"

"Ndipo sinasunthe ngakhale pang'ono! Ukufuna umboni wina wotani?"

"Chiigulireni wayendapo?"

"Mafuta ndathira lero. Ndimasunga matayala." Anadzuka, n'kulemba mzere pansi ndi chidendene, phazi limodzi kutsogolo kwa tebulo. "Ona. Ndichokera pa mtengo wa mango uwo. Ndikafika pamzere apa ndiima, nji! Ndikaima, ya anthu ena tiyiiwale."

"Jasten, apo pali madzi."

"Mabuleki samwa madzi."

"Jasten!"

Koma mwamuna anali atavala kale chipewa cha njinga, zingwe zikulendewera. Anakankha njinga mpaka pa mango, anakwera, anaiponda. Inalira bwino ndithu, mawu a chinthu chatsopano. Anakweza dzanja ngati phungu pa msonkhano.

"Penya pamzere, mkazi wanga!"

Inabwera. Inafika pamzere. Jasten anafinya, ndipo mabuleki anagwiradi, palibe angawanamizire. Matayala anaima, koma njinga sinamve nawo uthengawo. Inatsetsereka m'matope a amake Kumbu cham'mbali, mwaulemu, ngati mkwatibwi akulowa m'holo. Tebulo phofo! Ambulera ya kampani inadzitseka yokha n'kugwa. Milu ya tomato inabalalika msewu wonse, minibasi ina n'kuwaponda, pwa, pwa, pwa. Njinga inagona pansi, ndipo pogona inasankha phazi lamanzere la Lukiya.

"Mayo ine! Phazi langa! Chotsa chinthu chakochi!"

"Tomato wanga!" analira amake Kumbu atagwira kumutu. "Ndapikula lero lomwe!"

Jasten anatuluka pansi pa ambulera, chipewa chitatembenukira kumbuyo. Anadzutsa njinga, anaipukuta galasi ndi malaya, kenaka ndiye anakumbukira msuweni wake.

"Waona? Matayala anaima."

"Ndikupha! Ndikadzuka pano ndikupha!"

"Ya moyo wakana wekha kundigulitsa."

Amake Kumbu anali atamugwira kale lamba wa buluku. "Achimwene, simusuntha pano. Tomato mabeseni awiri."

"Pepani mayi, musadandaule. Inshuwalansi ilipira." Anatembenukira kwa Lukiya. "Yatsa tsopano. Ngozi ndi imeneyi, yeniyeni, yosapanga."

"Sunasaine."

"Ndisaina pano."

"Zochitika usanasaine siyilipira. Ndinakuuza."

"Ndiye tomatoyu alipira ndani?"

"Thumba lako."

Jasten anaima kukamwa kuli yasa. Anayang'ana amake Kumbu, anayang'ana tomato wophwanyika, anayang'ana Lukiya ali pansi atagwira phazi. Zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwake, waya ndi waya.

"Dikira kaye. Ndiye anthu ena aja... ndi amayiwa?"

"Eya!"

"Ndi iwe?"

"Eya, chitsiru iwe!"

"Asa! Nanga bwanji osangotchula mayina poyamba paja? Ndinakufunsa bwinobwino, ndinati mayina! Anthu ake ndi odziwika chonchi!" Anapisa m'thumba, anapatsa amake Kumbu zonse zimene anapezamo kuti amusiye lamba, kenaka anagwada m'matope n'kuyamba kusakasaka mafomu. "Ili kuti ya njinga ija? Imeneyi yayesedwa. Imeneyi ndi yamoyo, yandiluma."

Anaipeza pansi pa mwendo wa tebulo, ili ndi njere za tomato. Anaiyala pa thanki ya njinga n'kusaina, siginecha yaikulu ngati ya mwini banki. Analipira pafoni pomwepo, uthenga unalira kuti zatheka.

Lukiya, misozi ili m'maso, anakwawa n'kutola fomu yachiwiri. Phazi linali likugunda ngati ng'oma, koma ntchito inali itayamba kupumanso.

"Yatsala imodzi. Ya ngozi. Saina."

Jasten anadziyang'ana. Anagwira mawondo, zigongono, nthiti. Anadumpha kawiri.

"Iyi yalephera mayeso."

"Wati chiyani?"

"Ndagwa ndi njinga, taona, ngakhale kokalika kulibe. Ine sindivulala. Tayesa pamaso pa anthu."

"Lero wapulumuka! Mawa?"

"Za mawa tidzayesa mawa."

"Jasten, ndikukupempha, mwana wa amalume anga..."

"Wovulala pano ndi mmodzi." Anagwada n'kuyang'ana phazi la Lukiya mwaukatswiri, ngati akuona batire lofufuma. "Latupa ngati chinangwa cha ku Chikweo. Masiku atatu sukuponda. Koma usadandaule, yako ija ikulipirira chipatala."

Lukiya anayamba kuongola makona a fomu ija.

"Si choncho? Ya ngozi yako."

Lukiya anayang'ana kumbali, kumene galu wina anali kununkhiza tomato.

"Msuweni. Unagula iti?"

"Ndimati ndiyambe ndalandira malipiro oyamba."

"Ulibe?"

"Ndimati..."

"Ulibe ngakhale imodzi? Tsiku lonse uli pamphepete pa msewu, pamene pamadutsa minibasi, malole, njinga za anthu osadziwa kuyendetsa..."

"Ngati iwe!"

"Ngati ine! Ndipo ulibe?" Jasten anaomba m'manja, n'kuzungulira ngati wagoletsa chigoli. "Mayi, mwamva? Wogulitsa maambulera akunyowa!"

Kutsidya kwa msewu chitseko cha minibasi chinatsekedwa, gwa! Mmodzi uja anali atapezeka. Minibasi ya ku Balaka inanyamuka, n'kuwasiyira utsi. Ina yotsatira inali mbee, mulibe ngakhale dalaivala. Lukiya anayang'ana foni: faifi inali itatsala ndi mphindi makumi anayi. Fomu imodzi m'manja, phazi limodzi pansi.

"Basi," anatero motsitsa mawu. "Yatha ntchito."

Jasten anadzutsa tebulo, anadzutsa mpando, anamukhazika msuweni wake bwinobwino. Anatenga fomu ya ngozi ija, anaipukuta matope ndi chigongono, anaitembenuza kuti iyang'ane kwa Lukiya, n'kumufumbatitsa cholembera. Kenaka anavula chipewa chake, anamuveka, anamanga zingwe pansi pa chibwano, n'kusisita mpando wa njinga uja wa m'pulasitiki.

"Saina apa, mkazi wanga, mafomu akwane awiri. Phazi la lerolo sililipiridwa, wanena wekha. Koma uli nalo linzake, ndipo ku Balaka wokuperekeza ndine."